Besi ya mwana wamanzere

M'mipingo yambiri ya Amalawi kuno ku East Rand gitala ya besi imakhala imodzi. Ndi ya mpingo, inagulidwa ndi ndalama za pepa Sande, imagona kunyumba kwa msungichuma, ndipo Lamulungu imakwera takisi limodzi ndi kiyibodi ndi masipika kupita ku kalasi ya sukulu kapena ku galaja kumene timapemphererako. Ndaimbapo ku Tembisa, ku Daveyton, ku Katlehong, ndaimbanso ku Tsakane pa maliro a anzathu thupi lisananyamuke kupita kumudzi, ndipo kulikonseko besi imene ndinaipeza inali ya mtundu umodzi: yaitali, yolemera, nsambo zake zinayi zosasinthidwa kuyambira kalekale, ndiponso yopangidwira munthu wa dzanja lamanja. Palibe komiti imene idakhalapo pansi n'kusankha kuti izikhala yotero. Ndi imene inapezeka pa ndalama zimene mpingo unali nazo.

Ine ndine wamanzere. Nsima ndimadya ndi dzanja lamanja chifukwa agogo anga aakazi sankalola mwana kutema mbamu ndi manzere m'mbale yodyera limodzi, ndipo ndimalemba ndi lamanja chifukwa cha rula ya aphunzitsi a Sitandade 1. Koma nyundo, mpeni, legeni ndi besi, zimenezi zinakana kusamuka. Pamene ndinkayamba kuimba ndili mnyamata ku Lunzu, ndinangotenga besi ya kwaya n'kuitembenuza, khosi lake kuloza kudzanja langa lamanja, osasuntha nsambo ngakhale imodzi, popeza ikachoka m'manja mwanga inkapita kwa mnzanga. Choncho nsambo yonenepa ya E, imene kwa anthu onse imakhala pamwamba, kwa ine ili pansi penipeni, ndipo yaing'ono ya G ndiyo ili pamwamba. Zala zanga zinaphunzira chozondoka chomwecho ndipo sizidziwa njira ina. Ndinadzamva nditakula kale kuti sindili ndekha. Jimmy Haslip, amene adaimba besi zaka zambiri m'gulu la Yellowjackets ku America, nsambo zake zimakhala chozondokanso, ndipo Albert King ndi Elizabeth Cotten ankachita zomwezo pa gitala wamba.

Kuimba chotere kuli ndi ubwino umodzi waukulu kwa munthu wosauka. Ndikafika pa mpingo uliwonse, pa ukwati uliwonse, besi imene ilipo ndi yanga. Koma thupi limalipira. Timabatani ta voliyumu timene timayenera kukhala cha kumunsi, kwa ine timabwera pamwamba pomwe mkono umatsamira, moti pakati pa nyimbo mawu amatha kuzima chifukwa chigongono chapotokola batani. Waya wopita ku ampu amatulukira cha m'khwapa. Nyanga yaitali yomangirapo lamba imakhala pansi, ndiye khosi limangofuna kugwa, ndipo dzanja limene limayenera kuthamanga pa khosipo limakhalanso likulichirikiza. Onjezanipo ntchito yanga yonyamula makatoni mu weyahausi ina ku Isando, muona chifukwa chake phewa langa limayamba kuwawa tisanafike pa nyimbo ya chopereka.

Achemwali anga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Edenvale ndipo amachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Tembisa. Ali ndi mwana wamkazi wa zaka 13, wobadwira konkuno, amene Chizulu chimamuyendera pakamwa kuposa Chichewa. Ndi wamanzere ngati malume ake. Anayamba kumatsalira tikaweruka ku tchalitchi, anzake akupanga mipando iye ali pa besi, ndipo palibe amene anamuuza kagwiridwe, anangoitembenuza yekha. Khutu ali nalo, zimenezo sindinakayike. Chimene chinandivuta mumtima ndi mmene ankaonekera pofikira freti yoyamba: mkono wonse woongoka, phewa lakwera mpaka ku khutu, mutu wapendeka, ndipo chala chakaniso chikulendewera m'malere osafika pamene chikufunika. Ndinaona zaka 30 za phewa langa zikuyamba pa mwana uja.

Akwayamasitala athu, bambo odziwa nyimbo amene ndimawalemekeza, anaonanso zomwezo koma mankhwala awo anali ena. “Achimwene,” anatero, “kuongola mtengo m'poyamba. Mwanayu m'tembenuzeni pano akadali wamng'ono, aziimba ngati anzake. Besi za padziko lonse lapansi n'za kumanja. Mukamuzoloweretsa manzere, mawa adzafika pamalo n'kuimirira ngati mlendo anzake akuimba.”

Mawu amenewa si opusa, ndipo ndinakhala nawo masiku angapo. Mark Knopfler wa Dire Straits ndi wamanzere koma gitala amaimba chakumanja, ndipo palibe anganene kuti zinamulepheretsa kanthu. M'magulu akuluakulu oimba mavayolini, amanzere ambiri amaphunzira ngati ena onse kuti mikono isamagundane pamzere. Ena amanenanso kuti wamanzere akagwira gitala chakumanja amapindula, chifukwa dzanja lake lamphamvu ndilo limapita pa khosi kumene zala zimagwira ntchito yovuta. Pa gitala wamba mwina ndi zoona. Pa besi ine sindivomereza. Ntchito ya besi si kuthamangitsa zala. Ntchito yake ndi kusunga nthawi, ndipo nthawiyo imakhala m'dzanja loliza nsambo. Ndilo limanena pamene liwu liyambire, pamene lithere, kaya lilemere kaya lipepuke, kaya lifike limodzi ndi ng'oma kapena litsalire pang'ono pokha kuti amayi a kumbuyo ayambe kugwedezeka. Tinayesa. Mwana uja atagwira chakumanja ankadina manotsi olondola bwinobwino, koma ankangotsalira m'mbuyo mwa ng'oma, nkhope ili gwa, akuwerengera mumtima. Atatembenuza, mwendo wake unayamba kuponda wokha. Kwa ine nkhani ya dzanja inathera pomwepo.

Yotsala inali ya utali. Oimba akamanena kuti besi ndi yaitali kapena yaifupi, sanena za gitala yonse ayi, koma za chigawo cha nsambo chimene chimanjenjemera, kuchokera pa nati, kachidutswa ka fupa kapena pulasitiki ka timipata tinayi kamene kali kumutu kwa khosi, kukafika pa briji kumunsi kwa thupi. Besi zambiri zimene mumaziona ndi za mainchesi 34, kutanthauza masentimita 86 ndi pang'ono. Zazifupi zimakhala za mainchesi 30, masentimita 76. Pomva, kusiyana kwa masentimita 10 kumaoneka ngati nkhani yachabe, koma mafreti onse amayandikana potsatira muyezo umenewo, ndipo mutu wa gitala umabwera pafupi ndi thupi la woimba. Kuchokera pa freti yoyamba kufika pa yachinayi, pa besi yaitali chikhatho chimayenera kutambasuka masentimita pafupifupi 13. Pa yaifupi sapitirira 11 ndi theka. Tengani rula muyeze chikhatho cha mwana wanu kuchokera pa chala cholozera mpaka pa chakaniso, mudzaona kuti sentimita imodzi ndi theka si yochepa.

Muyezo wa mainchesi 34 sudagwe kumwamba. Adausankha Leo Fender ku California pamene ankapanga Precision Bass yake mu 1951, ndipo iwonso udali kufupikitsa kale, chifukwa besi yoimirira ya m'magulu a jazi, imene ija yotalika ngati munthu, nsambo zake zimaposa mainchesi 40. Besi yake itagulidwa kwambiri, makampani ena adatsatira, ndipo muyezo wa munthu mmodzi udasanduka wa aliyense.

Kwathu sitinayambire pamenepo. Besi yathu yoyamba ndi babatoni: bokosi kapena mgolo wokuta ndi chikopa, mtengo wautali, ndi nsambo imodzi. Nyimbo za kwela zimene zidaphulika m'misewu ya Johannesburg m'zaka za m'ma 1950 zidafika ku Nyasaland ndi malekodi komanso ndi anthu a ulendo, ena mwa iwo makolo athu amene Wenela idawabweretsa ku migodi ya golide, yomwe milu yake ya dothi lachikasu timaionabe tikamadutsa ku Boksburg, ku Benoni ndi ku Brakpan. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adaimba kwela yawo ndi besi ya nsambo imodzi. Lero Yobu Maligwa wa Madalitso Band wazungulira nayo maiko babatoni yake, ndipo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaliza yake yotalika mamita pafupifupi 3 ndi kamtengo ndi botolo. Chimene ndimaganizira nthawi zonse ndi ichi: nsambo ikakhala imodzi, palibe ya pamwamba palibe ya pansi, ndipo wamanzere amangokhala mbali imene wafuna. Mnyamata wopanga banjo ya chigubu cha mafuta amadula mtengo wa khosi poyeza mkono wake womwe, monga mmene mpini wa khasu amausemera potengera msinkhu wa mwini wake, ndipo palibe amene amati wa mpini waufupi sadziwa kulima. Zakuti chipangizo chili ndi dzanja lake ndi utali wake, ndipo munthu ndiye apindike kuti akwanemo, zinabwera ndi katundu wa ku fakitale.

Ife obwera kupindika timakudziwa bwino. Timalandira ntchito imene yapezeka, chipinda chimene chapezeka, dzina limene bwana wakwanitsa kutchula. Mabwana amatiyamikira kuti Amalawi ndi anthu ofatsa, osavuta, ndipo ndi khalidwe limeneli talera ana, tamanga nyumba za malata kumudzi, talipira fizi. Sindikulinyoza. Koma sindinafune kuti mwana wa achemwali anga alandire kwa ife chuma chimenechi chokha, kuti ngakhale pa chinthu chimene wachikonda yekha, phunziro lake loyamba likhale lakuti thupi lake ndilo lalakwa.

Anyamata a ku kwaya atamva kuti ndikufuna besi yaifupi, mmodzi anati imeneyo ndi ya ana a sukulu. Pali pamene anatengera. Fender Mustang Bass ya mainchesi 30 itatuluka mu 1966 idali m'gulu la magitala opangidwira ophunzira. Komabe Bill Wyman adaimba nayo mu Rolling Stones, Tina Weymouth wa Talking Heads adaimbanso besi zazifupi, ndipo phokoso lambiri la Jack Bruce mu Cream linkatuluka mu Gibson EB-3 ya mainchesi 30 ndi theka. Wamanzere wodziwika kuposa onse pa besi, Paul McCartney, adagula Höfner 500/1 yake ku Hamburg mu 1961. Ndi besi yaifupi, yopepuka chifukwa m'kati mwake ndi mwamphako, ndipo thupi lake lili ngati la vayolini, mbali zonse ziwiri zofanana, moti kwa wamanzere siioneka ngati yatembenuzidwa. Adaikonda chifukwa cha zimenezo komanso chifukwa mtengo wake adaukwanitsa. Idabedwa mu 1972, ndipo idabwerera kwa mwini wake patatha zaka zoposa 50, nkhani yake n'kumveka mu February 2024. Kuno kwathu kwachiwiri, Bakithi Kumalo, mwana wa ku Alexandra ndi Soweto amene besi yake imamveka mu chimbale cha Graceland cha Paul Simon cha 1986, amaimbanso kabesi kakang'ono kotchedwa U-Bass, kotalika ngati ukulele, ndipo kampani ya Kala idatulutsa kena kokhala ndi dzina lake. Mnyamata uja ndinamuonetsa Kumalo pa foni, anangoti zii.

Sindinganame kuti besi yaifupi imalira chimodzimodzi ndi yaitali. Kuti nsambo yaifupi itulutse liwu lomwelo, iyenera kukungidwa mofewerapo. Nsambo zikakhala zonenepa mofanana, kukungika kwake kumatsika ndi pafupifupi 22 peresenti. Pa zala zimenezi ndi chifundo, makamaka kwa woyamba kumene amene alibe zikang'a. M'khutu, liwu limatuluka lonenepa, lozungulira, lopanda kuthwa kwambiri, ndipo limatha msanga pang'ono. Pa nyimbo za m'buku, pa makolasi athu, pa rege ya ku Balaka imene tinakula nayo pomvera Alleluya Band, liwu limeneli limakhala bwino zedi, limayala pansi n'kusiyira mawu a anthu malo. Koma ukaimenya mwankhanza, nsambo ya E imagunda mafreti n'kumveka mbwerekete. Ndipo amene mtima wake uli pa gospo ya kuno, ya mtundu wa Joyous Celebration, kumene oimba besi amakonda nsambo zisanu ndi kumenya ndi chala chachikulu kuti mawu athwe, mwina besi yaifupi idzamuchepera. Zimenezi ndinamuuza mwana uja poyera, kuti tsiku lina angadzafune yaitali, ndipo pofika pamenepo mkono udzakhala utakula. Anayankha kuti, “Amalume, panopa ndikufuna imene ndingafike.”

Kuipeza ndiye inali ntchito. Akuti pa anthu 10 alionse, mmodzi amakhala wamanzere, koma khoma la sitolo ya magitala silitsatira chiwerengero chimenecho. Tinayenda m'masitolo a zoimbira ndi a katundu wogwiritsidwapo kale ntchito ku Kempton Park ndi ku Boksburg. Magitala a manzere amapezeka apa ndi apo, besi ya manzere mwa mwayi, koma besi ya manzere yomwenso ili yaifupi, ogulitsa ankangopukusa mutu. Anali anthu aulemu, ndipo yankho lawo linali limodzi, kuti angathe kutiitanitsira tikapereka ndalama yoyambira. Apa ndi pamene wamanzere amasiyana ndi anzake. Wa dzanja lamanja amatsitsa magitala asanu pakhoma, kuwayesa onse, n'kusankha imene yamukhala bwino. Wamanzere amagula chithunzi, n'kudikira kuti katoni ikafika aone chimene wagula. Mitundu ilipo ndithu. Ibanez ili ndi Mikro ya manzere, yaifupi koposa, ya mainchesi 28.6, ndipo Höfner imapanga yotsika mtengo ya maonekedwe a vayolini aja, ya manzerenso. Nditamuonetsa chithunzi cha Höfner, mwana uja anati, “Imeneyo ndi ya achikulire, amalume,” ndipo sindinamukakamize, poti chinthu chimene mwana akuchita nacho manyazi chimathera pansi pa bedi.

Njira ina inali yogula yaifupi ya kumanja, imene siivuta kwambiri kupeza, n'kuisandutsa ya manzere monga ankachitira Jimi Hendrix ndi magitala ake. Ndinapita kwa bambo wina wokonza magitala ku Germiston, amene amagwirira ntchito m'galaja ya kunyumba kwake. Sanalankhule zambiri. Anatenga nati yakale m'kabokosi n'kuiika pa chikhatho changa kuti ndione timipata take, kamodzi kotakata ka E, kenako tocheperachepera mpaka kopyapyala ka G. Ukangosinthanitsa nsambo, E imakhala pamwamba pa kampata kosaikwana, G n'kumasewera m'kampata kotakata ikulira ngati yang'ambika. Pamafunika nati yatsopano yosemedwa bwino. Pa briji, timipando ta nsambo timayenera kusunthidwa konse, chifukwa nsambo yonenepa imafuna utali woonjezera pang'ono kuti isaphonye mawu kumtunda kwa khosi. Batani la lamba limafuna kuboola pena. Kenako anandionetsa chinthu chimene ndakhala nacho moyo wanga wonse mpaka ndinasiya kuchiona: timadontho ta m'mphepete mwa khosi, totsogolera woimba kuti adziwe pamene ali, ukatembenuza gitala timayang'ana pansi. Malangizo ake anali akuti ngati thupi la gitala lili lofanana mbali zonse, ntchitoyi ndi yoyenera, koma ngati lili ndi nyanga yaitali ndi yaifupi, ndalama yokonzera ndi bwino kuiphatikiza pa yogulira ya manzere yeniyeni.

Besi yaifupi ya manzere inapezeka pa Facebook Marketplace, ku Springs. Wogulitsa anali mzungu wachikulire, wamanzere nayenso, amene nyamakazi inamupinda zala. Tinapita Loweruka ine ndi mwana uja, titanyamula tepi yoyezera ndi lamba. Sanatilowetse m'nyumba, ndipo ife sitinayembekezere kutero, kuno anthu amakhala ndi mantha a wina ndi mnzake. Anakoka waya wa magetsi kuchokera m'galaja mpaka pa geti, n'kuika ampu yake pa njerwa za pakhomo.

Choyamba ndinayeza, chifukwa ogulitsa ena amatcha besi kuti yaifupi pongoona kuti thupi lake ndi laling'ono. Kuchokera pa nati kufika pa freti ya 12 ndi theka lenileni la utali wa nsambo. Tepi inaonetsa masentimita 38, ndiye kuti mainchesi 30. Kenako ndinaika diso kumutu kwa khosi n'kuyang'ana motsetsereka mpaka ku thupi kuti ndione ngati lapotoka. Khosi lopindikira kutsogolo pang'ono limakonzeka, poti m'kati mwake muli chitsulo chimene amachimanga kapena kuchimasula ndi kiyi, koma lopotoka chammbali ndi matenda osachira. Ndinapempha bambo aja kuti atembenuze chitsulocho pang'ono ine ndikuona, kuti nditsimikize kuti sichinaume. Ndinaliza nsambo ya E pa freti iliyonse kuchokera pansi mpaka pamwamba kumvetsera ngati pali pamene ikugunda, ndinapotokola mabatani kumva ngati akukhwekhwereza, ndinagwedeza waya polowera pake. Pomaliza ndinamuveka mwana uja lamba n'kumuuza kuti asiye manja onse awiri. Khosi linakhala pamene linali, silinagwe.

Anaika chala cholozera pa F, chakaniso chinafika pa freti yachinayi popanda kudumpha, ndipo phewa lija linatsika. Anaimba besi ya kolasi ina imene timaikonda ku tchalitchi, poyamba mwamantha, kenako momasuka. Bambo aja anali atatsamira geti, zala zawo zopindikazo zikugogoda pa chitsulo. Pokambirana mtengo anatsitsako ndithu, n'kuwonjezera chikwama chake chonyamulira. Ndalama ina inali yanga, ina inali ya chipereganyu cha achemwali, amene poyamba ankati ndikumulowetsa mwana m'zinthu zosadyetsa, koma tsiku lawo lolandira litafika anabweretsa okha envelopu kuti, “Achimwene, kagulenitu chinthu chanucho.”

Pali zing'onozing'ono zimene wogula besi yaifupi amadzazidziwa pambuyo pake, ndipo ya nsambo ndiyo yofunika. Nsambo wamba za mainchesi 34 siziyenera. Mbali yake yonenepa imafika mpaka pa chokungira, ndipo ukaikulunga pa kachitsulo kaja ikhoza kuthyoka m'kati. Pa paketi payenera kulembedwa kuti ndi za besi yaifupi, ndipo si sitolo iliyonse imene imazisunga, choncho ndi nzeru kukhala ndi zina zapadera. Zonenepako pang'ono zimathandiza E kuti isalobodoke. Ine ndinamusankhira zosalala, zopanda timizere, chifukwa sizipweteka zala, sizidya mafreti, ndipo zimatha zaka zikulira chimodzimodzi.

Kufupika kwake kwathandizanso m'njira zimene mabuku a magitala satchula. M'kachipinda ka achemwali muli bedi, wadiropu, kafiriji ndi sitovu ya mapuleti awiri, ndipo besi ya mpingo ikalowa mmenemo mutu wake umagunda wadiropu munthu akangotembenuka. Iyi amaimba atakhala pa bedi, mahedifoni m'makutu, eni nyumba osamva kanthu. Mu takisi imakhala pakati pa miyendo popanda dalaivala kufunsa ndalama ya mpando wina. Ndipo amene tinali kuno mu May 2008, pamene anthu obwera ankathawa ziwawa ku Ramaphosa pafupi ndi Reiger Park ndi m'madera ena atanyamula zimene manja akanatha, tili ndi chizolowezi chimene sitikamba kawirikawiri, choyang'ana katundu aliyense ndi funso lakuti kodi ameneyu anganyamulike. Ndinadzipeza ndikuiyang'ana choncho besi ija, ndipo ndimapemphera kuti mwanayu asadzafunikire kudziwa chifukwa chake.

Zimene ananena akwayamasitala zija zachitikadi, mbali ina. Lamulungu lina nsambo ya besi ya mpingo inaduka tili pakati pa mapemphero, mnyamata woimba anathamangira ya mwana uja, n'kuibweza asanathe ndime imodzi. Singabwerekedwe, ndipo pakati pa anthu amene timakhalira kubwerekana, chimenechi si chinthu chaching'ono. Iyenso sangafike pamalo chimanjamanja n'kuyembekeza kuimba, ayenera kunyamula yake kulikonse. Ngakhale ine malume ake, wamanzere mnzake, sinditha kuiimba bwino, chifukwa chala changa chikapita pansi kukafuna E chimapeza G. Anyamata ena anapempha kuti tisinthe nsambo zikhale chozondoka ngati zanga, kuti mwanayu azitha kugwiranso ya mpingo. Ndinakana. Mavidiyo ophunzitsa, mabuku, aphunzitsi a ku sukulu za nyimbo, onse amayambira pa E ili pamwamba, ndipo sindifuna kuti azimasulira phunziro lililonse m'mutu mwake monga ndimachitira ine.

Chifukwa cha zimenezi, amene akumuphunzitsa tsopano si ine koma akwayamasitala omwe aja. Nsambo zawo ndi zake zili m'dongosolo limodzi, ndipo akakhala moyang'anizana makosi a magitala awo amaloza mbali imodzi, moti iye amangotsatira zala zawo popanda kutembenuza kanthu m'maganizo. Iwo eni anadabwa kuti wamanzere ndi wosavuta kumuphunzitsa choncho. Maganizo awo sanasinthe kwenikweni, amanenabe kuti tinamusankhira njira yodula, ndipo ine ndimavomera kuti ndi yodula.

Panopa amaimba pa pulakatisi ya Loweruka, ya Lamulungu sanapatsidwe. Ampu ndi imodzi, oimba besi tilipo atatu, ndipo anyamata aja sangasiye malo awo mosavuta. Ndapempha kuti pa msonkhano wa Pasaka, pamene mipingo yathu imakumana ku Daveyton, apatsidwe nyimbo ziwiri. Akwayamasitala anati adzamulola akadzayamba kutha chinthu chimodzi: mayi wina akangoyambitsa kolasi kuchokera kumbuyo, pa kiyi imene yamubwerera pakhosi, popanda kuchenjeza aliyense, woimba besi aipeze ndime yoyamba isanathe. Ndi zimene akulimbana nazo masabata ano, ndipo amayi ake ndiwo amamuyambitsira makolasiwo madzulo akamaphika.